Cholembera cha Kadoli

Bambo a Kadoli,

Ndathamangira ku labu mtima uli m'mwamba. Musandiimbire, manja akhala ali m'magolovesi.

Paja m'mawa uno munapukuta zojambula za Kadoli pakhoma ndi kansanza konyowa, n'kumadzitama kuti munagula cholembera chabwino, chofufutika ndi madzi. Ine mutu unaima. Cholembera chomwecho chinali m'chikwama mwanga dzulo, ndipo ndi chimene ndinalembera manambala pa timachubu tonse khumi ndi tiwiri. Timachubuto ndinatisiya mu ayezi, ndipo ayezi amasungunuka.

Mmenemo muli ntchito ya miyezi inayi, tizidutswa ta DNA, uthenga wa chibadwa uja, timene tinawedza m'magazi a ana pamodzi ndi puloteni ina yokakamira pamenepo, kuti tione malo enieni amene imagwira. Theka ndi ta ana odwala, theka ta ana abwinobwino. Manambala akachoka, tonse tingokhala timadzi tofanana, ndipo magazi ena kulibe. Ndikayamba bwanji kuuza amayi a ana aja kuti tiwabayenso? Abwana sanadziwebe.

Pepani, kuchipatala amayi anu muwaperekeze ndinu. Kabuku kawo kali pamwamba pa firiji, ndipo asadye kanthu asanayezedwe shuga, ngakhale akunyengerereni bwanji. Muwauze kuti mpongozi wawo sanawathawe.

Manambala ndikawapeza akuwerengeka, ndibwera ndi keke. Mukaona ndalowa chimanjamanja, musandifunse, mungondipatsa mpando.

Kadoli musamukalipirenso za khoma lija. Wolemba posayenera m'nyumba muno ndi mayi ake.

Ndine,
Mayi a Kadoli