Kamtengo Kakamuna Kamene Ndinazula

Lachinayi, 20 Novembala, Bradford

Lero mtima wanga uli m'malere. Agogo Doreen, amene ndimawasamalira kunyumba kwawo, apemphanso kuti ndiwakankhire pawindo ndi njinga yawo ya olumala kuti aone mitengo yawo ya holi, ya mtundu umene umayoyola masamba n'kutsala ndi tizipatso tofiira nyengo yozizira. Masamba anayoyoka kale, zatsala nthambi zokhazokha, popanda kachipatso kofiira ngakhale kamodzi. Andifunsa kuti, "Grace, kodi mbalame zadya zonse chaka chino?" Ine ndangoti mwina.

Si mbalame ayi, ndine. Mu Epulo ndikulambula kuseri kwa nyumba, ndinaona kamtengo kena pakona kamene sindinakaonepo katabala. Ndinakazula ndi mizu yomwe, monga timachitira ndi papaya lalimuna kwathu ku Ntcheu. Ndinkayesa ndawathandiza.

Masana ndaulula kwa mwana wawo, a Susan. Akuti kamtengoko kanali kakamuna, anakadzala ndi malemu bambo awo. Njuchi zimatenga mungu pamaluwa ake n'kupita nawo ku mitengo inayo, ndipo popanda iko inayo singabale. Sanandikalipire n'komwe. Bola akanandikalipira.

Ndakwera basi mpaka kogulitsa mbande, ndagula kakamuna kena, ndakadzala mvula ikundinyowetsa. Koma wogulitsayo wati maluwa ndi mu Juni, zipatso ndi chaka chamawa nyengo ngati ino. Pamene adokotala anauza kale a Susan kuti Khirisimasi ino mwina ndi yomaliza kwa agogo.

Mawa m'mawa adzafunanso pawindo, ndipo adzandifunsanso. Ambuye, ndizingonamizira mbalame mpaka liti?