Ndinagwada mu Ofesi ya Ziphaso

Okondedwa amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi mwendo uja ukukupwetekanibe? Nanga abambo chifuwa chija chinaleka? Ine kuno ku Nairobi ndili bwino, Mulungu akutisunga. Kalatayi ndalemba pamanja, ndiijambula n'kuitumiza pa foni ya a Uledi a kusitolo. Mng'ono wanga Pilirani akuwerengereni mosathamanga, chifukwa kumapetoko kuli pempho.

Kuno kukuzizira kuposa kwathu ku Kabudula. Ndikukhala nyumba imodzi ndi a Sylvia, mtolankhani uja anandikonda pamene ndinkasesa ku wailesi yakanema ku Lilongwe. Ndili ndi chipinda changachanga. A Goliati, amene amajambula ndi kamera, amakhala kwina. Ntchito imene ndinabwerera ndi yomwe ija: kuchaja mabatire, kupukuta galasi la kamera, ndi kugwira ndodo yaitali ya maikolofoni pamwamba pa munthu amene akulankhula. A Sylvia amati manja anga sanjenjemera, n'chifukwa chake anauza mabwana kuti sabwera kuno popanda ine.

Koma pali kavuto. Mlendo sangangofika m'dziko la eni n'kuyamba kujambula nkhani. Pamafunika chiphaso chogwirira ntchito, aliyense chake. Cha a Sylvia ndi cha a Goliati zinatuluka, changa chinatsalira. Iwo akupita kuntchito, ine ndikumatsala pakhomo. Chikapanda kutuluka, ndodo ija aipereka kwa munthu wa konkuno ndipo ine ndibwerera kumudzi.

Zinayenda chonchi. Tsiku limene tinapita ku ofesi ya ziphaso tinapezako mayi wina wa imvi, msinkhu wa azakhali a ku Nsaru. Atanditchula dzina ndinapita n'kukagwada pambali pa tebulo lawo, pasipoti n'kupereka ndi manja awiri. Anandilozera mpando, koma ndinaona kuti ndi wofanana ndi wawo, ndiye ndinakhalabe chogwada. Pondifunsa mafunso ndinazyolika monga munandiphunzitsira, ndipo kachingerezi kanga ka sitandade eyiti kaja kanathawa konse. A Sylvia, pofuna kundithandiza, ankandiyankhira.

Mayi aja nkhope inasintha. Anauza a Sylvia kuti atuluke, n'kutseka chitseko. Kenako anachoka pampando wawo n'kudzanjuta pafupi nane. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinabwera mofuna ndekha, ngati pasipoti ndimasunga ndine, ngati amandimenya, ngati amandilola kulankhula ndi abale anga. Ndinayankha zoona zokhazokha, koma mawu ankatuluka ngati a udzudzu, maso ali pansi. Anangondiuza kuti ndidzabwerenso ndekha.

Tili m'njira a Sylvia anandifotokozera kuti pali atsikana amene amatengedwa kwawo mwachinyengo n'kumakazunzidwa kunja, ndipo mayi aja poona mmene ndinkachitira anayesa ndine mmodzi wa iwo. Mayiwo musawakwiyire, amayi. Si oipa, ankafuna kunditeteza.

A Goliati atamva anaseka mpaka misozi. Akuti mwayi wake sanandisiye ndekha pabwalo la ndege, bwenzi nditagwadira ndegeyo. Koma ndi iwo omwe akhala akundiphunzitsa. Akaweruka amabwera kuno n'kukhala patebulo, n'kuvala magalasi a a Sylvia, n'kumandifunsa mafunso ndi mawu achizimayi. Ndikangoyang'ana pansi amagogoda tebulo n'kundifunsa ngati pansipo pagwa chiphaso. Poyamba ndinkachita manyazi mpaka kubisa nkhope m'chitenje. Tsiku lina ndinawayang'ana m'maso mpaka iwo ndiwo anayamba kuphethira, ndipo anati ine a Nambewe tsopano ndikuopsa.

Sabata yatha ndinabwerera ku ofesi kuja ndekha, paminibasi, osasochera. Ndinakhala pampando, ngakhale mawondo ankafuna kupinda okha. Mawu ndinali nditawakonza kale. Ndinawauza mayi aja kuti kwathu mwana salankhula ndi wamkulu ali chilili, ndipo kuyang'anitsitsa wamkulu m'maso ndi mwano. Ndinawauzanso kuti ntchitoyi ndimaikonda ndipo palibe anandikakamiza. Anamwetulira, n'kunena kuti lero andimva mawu. Akuti chatsala n'chimodzi: akufuna andione ndikulankhula ndi amayi anga iwo ali pomwepo, kuti mtima wawo ukhale pansi. Zikatero chiphaso chituluka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Lachiwiri likubwerali m'mawa mupite kusitolo kwa a Uledi. Ndalankhula nawo kale ndipo avomera. Akuti foni ikhala yochaja ngakhale magetsi atazima, ndipo adzakulowetsani kuseri kumene amasunga matumba a mchere, kopanda phokoso. Ine ndidzaimba ndili mu ofesimo, tidzaonana nkhope pafonipo. Mayi aja akafuna kukufunsani kanthu, a Halima, mwana wa a Uledi, adzamasulira. Ndikudziwa kuti mukukumba mtedza, koma ndi m'mawa umodzi wokha. Achimwene a Nowa akutengeni panjinga, musayende pansi ndi mwendowo.

A Goliati akuti ndikuchenjezeni kuti musakagwadire foni. Ine ndawakanira. Zokhala pampando ndi zoyang'ana m'maso zisiyireni ine kuno, ndaziphunzira. Inu mukawapatse moni monga mumachitira akulu a mpingo akafika pakhomo, mosasintha kalikonse. Ngati mwendo ukulolani kugwada, gwadani, muwombenso m'manja. Ndikufuna aone ndi maso awo kuti si mantha ayi, ndi amayi anga anandilera chonchi.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti baibulo anandipatsa lija ndinafika nalo bwino. Moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Nsaru, kwa achimwene a Nowa ndi alamu anga, ndiponso kwa amayi a Mvano amene anandipempherera pochoka. Iwe Pilirani, usaseke powerenga, udzagwadanso tsiku lina.

Tionana Lachiwiri, amayi. Muvale chitenje chobiriwira chija.

Ndine mwana wanu,
Felesita Nambewe