Mwendo wa a Omali wolosera mvula

Aphungu,

Ndithandizeni, mwendo wa amuna anga wandisowetsa mtendere. A Omali ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ina ku Kamwala, kuno ku Lusaka. Anamenya nawo nkhondo ku Burma, ndipo anabwerako ndi kachitsulo ka bomba m'ntchafu. Mvula ikamayandikira kachitsuloko kamawabaya, iwo n'kulengeza. Ndipotu sanama, imagwadi!

Ndiye dera lathu lonse la Kabwata limadalira mwendowo. M'mawa mnansi wathu ba Nkandu amasuzumira pampanda n'kupereka moni wa kwawo: "Shani ba Omali, mwendo ukamba chani lelo? Niyanike zovala?" A Omali amasisita ntchafu, nkhope ili ndwii, n'kuyankha kuti, "Yanikani mayi, koma masana muanule." Akatero amanyada tsiku lonse.

Tsopano ntchafuyo yatupa, ikutentha, moti makina akupalasa ndi mwendo umodzi. Ndinawakokera kuchipatala chachikulu kumene amaonako asilikali akale. Munthu wosaopa ngakhale galu wolusa, atangomva fungo la mankhwala thukuta linali kamukamu. Dokotala ananena kuti kachitsuloko katuluke msanga, apo ayi mwendo wonse udzapita. Iwo anangotola chipewa, ulendo. Panjira akuti, "Amake Shamsia, akachotsa, anthu adziwa bwanji za mvula?" Ndinaseka, koma mumtima ndili ndi mantha. Nditani ine?

M.O., Kabwata, Lusaka

Mayi M.O.,

Nanenso ndaseka, koma zamvulazo musazikhulupirire. Yankho lenileni ndi thukuta lija. Amuna anu anaona anzawo akulowa m'hema wa dokotala kunkhondo ndi miyendo iwiri, n'kutuluka ndi umodzi. Akuopa, ndipo msilikali sangauze mkazi wake kuti akuopa. Choncho musawanyoze, komanso musawalirire pamaso.

Funani mnzawo wa kunkhondo amene anachitidwapo opaleshoni n'kuchira. Pamzere wa kuchipatala kuja simungamusowe. Muitanireni tiyi kunyumba, inu mutuluke, awiriwo akambirane zawo. Tsiku lobwerera kwa dokotala apite limodzi, atavala mamendulo awo ngati akufuna. Kumeneko mupemphe dokotala afotokoze bwinobwino, kudzera mwa womasulira, kuti akuchotsa kachitsulo kokha, mwendo ukutsala. Mupemphenso kuti akakatulutsa akupatseni m'kabotolo. Bambo akakaike pamakina awo, azionetsa aliyense wobwera kudzasoketsa. Mbiri ya ku Burma sithera pampeni wa dokotala.

Kenaka pitani kwa ba Nkandu mukawanong'oneze. Mawa akasuzumira pampanda asafunse za zovala, afunse kuti, "Ba Omali, muyenda liti ku chipatala?" Mwamuna amene wakana mkazi wake amagonja msanga anansi onse akamufunsa chinthu chimodzi.

Chenjezo langa ndi ili: musalole aliyense kutema mphini pa chotupacho kapena kuyesa kukatulutsa ndi lezala kunyumba. Thupi likatentha, kapena chotupa chikayamba kutuluka mafinya, musadikire mnzawo kapena mamendulo, akwezeni panjinga tsiku lomwelo. Ba Nkandu aziyang'ana kumwamba ngati tonsefe. Zovala zawo zikanyowa zidzauma, mayi, koma mwendo wa a Omali ukapita sudzameranso.

Aphungu