Mumasuleni Zuze, Amayi

Amayi, kodi kukuyenda bwanji kumeneko?

Kuno ku Tengani mapira acha, ngakhale mbalame zatidyera ambiri. Ine ndinachira mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Koma chandisowetsa mtendere ndi Zuze, chitsirizira wanu.

Muli gone m'chipatala muja, munagwira dzanja la atsibweni n'kunena kuti, "Mwanayu asakalambire m'bwato ngati bambo ake, mumupezere ntchito ya yunifolomu." Atsibweni anamva. Anayankhula ndi mnzawo wa ku kampani ya magetsi, Zuze n'kulembedwa ntchito yokwera mapolo, osafunsidwa ngakhale funso limodzi.

Amayi, Zuze amaopa kukwera m'mwamba. Mukudziwa inu, ngakhale mtengo wa masawu sankaukwera. Pamadzi ndi mwamuna, koma akakhala pa polo amangoikakamira, osayang'ana pansi.

Malo amene anamupatsawo ankawadikira anyamata aganyu omwe akhala akukumba mayenje ndi kukoka mawaya kwa zaka zambiri. Atangomuona ndi ovololo yatsopano, onse anagwa mphwayi. Pano waya ukaduka ku Marka sathamangirako, anthu amakhala mumdima mpaka za m'mafiriji kuwola. Zuze samuphunzitsa kanthu, sadya naye. Akafunsa amangoti, "Kafunseni amene anakulembani."

Sabata yatha anamukweza pa polo, palibe anaonetsetsa ngati magetsi azimitsidwa. Magetsiwo anamumenya, n'kutsala lende pa lamba. Anafika kwanga dzanja litapsa, akulephera kugwira kapu. Ndinati, "Zuze, isiye ntchitoyi." Iye anati, "Achemwali, ndiisiye bwanji? Anali mawu omaliza a amayi."

Lolemba akuwatumiza ku Makhanga kukadzutsa mapolo omwe madzi anagwetsa. Akupita ndi anthu omwewo, dzanja lisanapole.

Ndinapita kwa atsibweni, akuti ndikufuna kuwachititsa manyazi kwa mnzawo. Ndinapita kwa abusa, anangopemphera. Mwatsala inu nokha, Amayi. Sindikukudzudzulani, munkamufunira zabwino. Koma mawu anu amumanga, ndipo ine ndikuopa kuti tidzamugoneka pambali panu chaka chisanathe. Mumasuleni chonde. Mubwerereni kutulo, mumuuze nokha, inu akumverani.

Mukapanda kubwera pofika Lamlungu, ndimuuza kuti ndakulotani, mwati asiye. Sindinanamepo m'dzina lanu, mundikhululukire. Koma ndikulonjeza, Amayi, ku Makhanga Zuze sapita.

Ndine wanu wokukondani mpaka lero,
Lusiya