Kodi galimotoyi imagona kuti?

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Ilford, mu London, thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Inshuwalansi ya galimoto itakweranso chaka chino, ndinalembetsa monama kuti galimoto yanga imagona kwa Mayi Phiri, a kutchalitchi kwathu, omwe amakhala kunja kwa London, chifukwa kumeneko mtengo ndi wotsika. Lachiwiri, ndikupita kuntchito yanga yosamalira okalamba, ndinagunda galimoto ina kumbuyo pamaloboti. Palibe amene anavulala.

Dzulo a inshuwalansi anaimba foni. "Kodi galimotoyi imagona kuti?" Ndinayankha kuti ndili pantchito, ndiwaimbira Lolemba. 

Mayi Phiri akuti, "Mwanawanga, akandifunsa ndinena zoona." Sindikuwaimba mlandu. Ndaganiza zoulula ndekha.

Chikundiopsa ndi viza, yomwe ikutha mu Juni. Nkhaniyi ikafika kukhoti mwina aboma sadzandiwonjezera masiku, ndipo popanda galimoto ntchitoyi sindingaigwire.

Chonde amayi musawauze, BP yawo mukuidziwa. Mundipempherere Lolemba m'mawa, kuti pakamwa pasandiume. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Tiyamike