Ndinazula Chamba cha Apongozi Chifukwa Sichinkafanana

Aphungu,

Ndikulemba kuti mundiunikire pa nkhani yokhudza ine, apongozi anga aakazi, Mayi Lorna Viney, ndi mbewu ya chamba imene malemu amuna awo anasiya. Ndine mlembi wa bungwe la alimi asanu ndi anayi amene tili ndi ziphaso zolima chamba cha mafuta ndi luzi, chosaledzeretsa chija. Kaundula wa mbewu ndimasunga ndine.

Bambo Desmond Viney anasunga mtundu wawowawo kwa zaka khumi ndi zisanu. M'munda mwawo munalibe dongosolo: china chachitali, china chachifupi, china chokhwima msanga. Anzawo ankawaseka kuti mundawo ndi tsitsi losapesa. Atamwalira anasiya mabotolo awiri a njere mufiriji. Chaka chatha apongozi anandipatsa limodzi kuti ndichulukitse, nati, "Bambo a Tess, tengani ndinu. Anzanuwa angakadyetse nkhuku."

Ndinabzala mu Novembala ndipo zinamera pafupifupi mazana anayi. Zitafika m'chiuno ndinayenda ndi ndodo yoyezera, n'kuzula chilichonse chosiyana ndi chinzake. Zazimuna ndinasiya zitatu, zazikazi makumi awiri. Mizere inaoneka bwino kwambiri.

Mnzanga wa munda woyandikana, Keith Bramich, anayedzamira mpanda n'kufunsa kumene zinazo zapita. Nditamufotokozera anati, "Alembi, mwapesa mpaka mwameta mpala. Zazifupizo ndi zimene zimaima mphepo ya kumadzulo ikaomba. Zamsangazo ndi zimene zinapulumuka chisanu chija enafe titalira." Ndinakafufuza m'mabuku ndipo ndinapeza kuti sankanama. Mtundu wa Bambo Viney unali kusiyanasiyana komweko, ndipo ine ndinakutaya kudzala.

Bungwe linakumana Lachiwiri. Linagamula kuti botolo lotsalalo libzalidwe chaka chino, popeza njere zake zatha zaka zisanu ndi chimodzi ndipo zikufa pang'onopang'ono, komanso kuti wokalipempha ndikhale ine. Anzanga onse asanu ndi atatu anavomera. Ine sindinakweze dzanja, koma ndinalemba chigamulocho.

Apongozi sakudziwa kanthu. Lamlungu lililonse amandipakulira nyama ya nkhosa n'kumauza alendo kuti mbewu ya Desi, malemu amuna awo, ili m'manja abwino. Kodi ndingalipemphe botololo osaulula zimene ndinachita?

G.R.T., Longford

A G.R.T.,

Ayi, simungatero, ndipo ndikukhulupirira kuti mumadziwa kale. Anthu asanu ndi atatu akudziwa nkhaniyi. Longford si tauni yaikulu: mukachedwa, apongozi anu akaimvera pa mzere wa kupositi.

Mtima wanu ndikuumvetsa. Simunazule mbewuzo chifukwa cha ulesi kapena chipongwe. Munachita zimene mlimi aliyense amaphunzitsidwa, kusankha zooneka bwino. Kungoti ntchito imene munapatsidwa sinali yosankha, inali yosunga.

Pitani pakati pa sabata, musadikire chakudya cha Lamlungu pamaso pa alendo. Mkazi wanu, Mayi a Tess, muwauze kaye, chifukwa ndi bambo awo amene tikunena. Mukafika, fotokozani mmene mwandifotokozera ine, ndi manambala omwe. Musayambe ndi chigamulo cha bungwe, chifukwa botololo si la bungwe. Pepesani, mukhale chete, muwasiye alankhule ngakhale zikhale zowawa.

Apongozi akakupatsani botololo, tengani njere makumi awiri muziike pa nsalu yonyowa kuti muone zingati zikumera. Kenako bzalani theka lokha, theka libwerere mufiriji. Munda ukhale kutali ndi chamba cha anzanu, chifukwa mungu umayenda ndi mphepo mtunda wautali. Zazimuna zisiyeni zambiri, ndipo pokolola tengani njere pang'ono pa chomera chilichonse, ngakhale chonyansa. A boma oyeza chamba adzabwera monga mwa lamulo. Zimenezo mukuzidziwa kuposa ine. Mukhalenso pansi ndi apongoziwo ndi Keith, mulembe zonse zimene akukumbukira za chomera chilichonse. Luso lanu lenileni lili pamenepo.

Koma ndikuchenjezeni. Mwina Mayi Viney adzatulutsa botololo n'kulipereka kwa Keith inu mukuona. Zikatero musatsutse, musatume mkazi wanu kukakudandaulirani, ndipo musajombe Lamlungu lotsatira. Mbewuyo ikamera m'munda wa munthu wina, yapulumukabe.