Ulusi Wofiira wa Ba Kaputeni

Loweruka, 3 Ogasiti

Ndege! Ndege yeniyeni, yoti munthu n'kulowamo, n'kukhala pampando! Chikalata chake ndachiona m'minibasi pochokera kuntchito, chomatidwa kuseri kwa dalaivala. Chionetsero cha ndege zakale, Loweruka pa 17, pa kabwalo kena ka ndege kum'mawa kwa mzinda. Akonza ndi madala amene ankagwira ntchito za ndege kale. Ndege zinayi, mainjini otsegula, ndi chipinda cha zakuthambo momwe muli chovala chonga cha anthu opita kumwezi. Ndinawerenga mpaka kupitirira siteji yanga. Kondakitala akuti, "Ba sisi, mufuna tikagone na imwe ku garaji?"

Koma chachikulu ndi chithunzi cha pachikalatapo. Ndege yoyera, mzere wabuluu m'mbali. Yomwe ija ya pachithunzi cha pabalaza pathu! Atate ataima pakhomo pake, chipewa cha kaputeni kumutu, mano onse panja. Malemu amayi ndiwo anachipachika, ndipo komboni yathu yonse ya Mtendere imawaitana atate kuti Ba Kaputeni.

Kampani yawo inatsekedwa ine ndili kumsana. Chiyambire pamenepo amakonza masofa m'kashedi kawo kuseri kwa msika. Za kale sanena. Ndege ikamadutsa amaimika singano, kutchera khutu, n'kutchula mtundu wake osayang'ana kumwamba. Ine Kumbu, zaka makumi atatu ndi chimodzi, sindinawaonepo pafupi ndi ndege. Ndiwatengera. Akakhale pampando wawo wakutsogolo ine ndikuona ndi maso angawa.

Mtima dyokodyoko. Sindiuza munthu aliyense.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Pakamwa pangapa!

Ndinangonong'oneza Exildah yekha, mnzanga wa saluni uja, potuluka m'tchalitchi. Pofika pageti azimayi asanu anali atadziwa. Pofika masana, komiti. Kuno chinthu sichichitika popanda komiti, kaya maliro kaya ukwati. Exildah wadzisankha yekha kukhala tcheya. Pali wa zakudya, wa minibasi, wa nyimbo. Ndinamufunsa Exildah kuti nyimbo zachiyani. "Iwe Kumbu, Ba Kaputeni bangabwelele ku ndege yao zii monga kawalala? Awe mwandi!"

Chitenje chimodzi tonse, chabuluu cha timbalame. Ndinayesa kukana, koma kunena zoona chikundikomera.

Atate ndawauza akumwa tiyi. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Ija ikadalipo?" Basi, mawu omwewo. Ndi chimwemwe chimenecho, ndikudziwa ine.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Anthu makumi awiri ndi atatu. Minibasi imodzi sikwana. Mphepo ya Ogasiti, fumbi mpaka m'mano, koma ndikuyenda ndikumwetulira ndekha ngati wolodzedwa.

Ba Nsama nawo alembetsa. Mdala wa nyumba yachitatu, amene amasewera nsolo ndi atate masana alionse koma sakhulupirira kanthu kalikonse padziko. Masofa awo amakakonzetsa ku komboni ina ya Kalingalinga, dala, kudutsa pa shedi ya atate. Akuti, "Nizayenda nikaone na menso yanga. Bakaniuze batani iliyonse nchito yake." Ndawauza abwere ndi kope adzalembe. Ndikufuna manyazi adzawagwire mpaka kuzidendene.

Dongosolo langa. Seveni koloko kunyamuka pamsika. Choyamba chipinda cha kumwezi, chifukwa Exildah walumbira kuti alowetsa mutu m'chisoti chija. Kenako mainjini. Ndege ya atate pomalizira, monga nyama ya m'mbale.

Chogwirira cha chikwama changa chinaduka, atate andisokera. Kunsi kwake aika timizere tawo titatu ta ulusi wofiira, monga amachitira pa chilichonse. Yunifolomu yanga ya sukulu inali nato. Makhushoni a theka la Mtendere ali nato kunsi. Ndili mwana ndinkafunsa, yankho n'lomwelo nthawi zonse, ati chizolowezi chabe.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Atate akuti bondo. Dzulo chinali chifuwa. Bondolo m'mawa linali lakumanja, masana lasamukira kumanzere. Ndaseka mpaka misozi. Tsopano ati pali sofa ya munthu yofunika Loweruka lomwelo. Manyazi a madala! Ndawauza kuti ngakhale pa wilibala tidzawakankha.

Exildah wabwera ndi chipewa choyera, wasokerera mphonje zagolide za katani yakale. Anawaveka atate pamaso pa azimayi onse, nthungululu mpaka agalu kuuwa. Iwo anamwetulira pang'ono, n'kuvula msanga, ati chikuthina.

Nyimbo yatha kupekedwa. Ili ndi "vuuu" katatu ndipo pa "vuuu" pamafunika kutambasula manja. Ndaimba ndikuchapa, ndaimba ndikusesa. Masiku asanu ndi atatu okha!

Lolemba, 12 Ogasiti

Sindikudziwa poyambira.

Lero sindinali pa ntchito, ndinawapititsira chakudya kushedi. Anandikhazika pa sofa yosendedwa nsalu, masipuling'i akundibaya. Osandiyang'ana. Maso pa singano.

"Kumbu mwana wanga, ine ndege sindinaiyendetsepo. Kuuluka kumene sindinaulukepo. Ndinali telala wa mipando."

Zaka khumi ndi zinayi akusoka mipando ya ndege m'chishedi cha kampani. Chipewa cha pachithunzi chija anabwereka kwa kaputeni weniweni tsiku lomaliza, kungoti ajambulitse. Amayi anapachika chithunzi. Mlendo woyamba kuchiona anati Ba Kaputeni, amayi anaseka, atate anachita manyazi kukana. Ntchito inali itatha, m'nyumba muli khanda, chimene chinatsala ndi dzinalo. "Sindinanamepo, komanso sindinakanepo."

Ine ndinamenya mtsikana mu giredi faifi chifukwa cha dzina limeneli. Ndinamuchotsa dzino.

Ndakwiya. Ndalira. Ndachoka osatsanzika, mbale ndaiwala komweko.

Anthu afika makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Zitenje zasokedwa kale. Ba Nsama agula kope, andionetsa, la chikuto cholimba.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Masiku atatu osalemba. M'nyumba timangopatsana moni ngati anthu a lendi.

Ndinaganiza zonena kuti chionetsero chalephereka. Kupita kwa Exildah, ndapeza waimbira kale okonza, wawauza kuti tikubwera ndi kaputeni wa ndege yabuluu. Tcheya wa changu chopha anthu. Ndinangomuyamikira.

Dzulo ndinayesa njira ina. Ndinafufuza pafoni kanema wa mabatani a kutsogolo kwa ndege kuti atate aloweze ngakhale asanu. Anaonera mpaka kumapeto mwaulemu, n'kuseka koyamba sabata ino. Nanenso ndinaseka, mkwiyo unathera pomwepo. Ndinaona zala zawo zili pafoni, zipsera za singano zokhazokha. Zala zimenezi ndi zimene zinandiphunzitsa sukulu.

Ndiye ndinawapempha kuti bondo lija liwawe ndithu, ine ndikanena kwa anthu. Ati lachira. "Ndikufuna ndikaione. Oseka akaseke."

Akaseke bwanji? Ndine ndaitana anthu onsewa, ine ndi pakamwa pangapa. Ba Nsama akangoseka kamodzi, pofika madzulo msika wonse wadziwa. Atate sadzakhalanso pa nsolo, sadzadutsanso pamsika mutu uli m'mwamba. Ndikuopa kwambiri.

Asita suti yawo ya imvi. Chipewa cha mphonje achisiya pa msomali.

Loweruka, 17 Ogasiti

Mayo ine! Ndilemba zonse dzuwa lisanalowe.

Tinanyamuka hafu pasiti eyiti, seveni koloko ya komiti. Maminibasi awiri, zitenje zabuluu, "vuuu" njira yonse ya Great East, manja panja pa mawindo. Ine kuimba pakamwa pokha. Atate anakhala pafupi ndi dalaivala.

Chipinda cha kumwezi. Chovala choyera chofufuma ngati munthu wadya mopitirira. Exildah analowetsadi mutu m'chisoti. Mutu unatuluka, wigi inatsala. Mdala woonetsa anthu anaitulutsa ndi zala ziwiri, kuipereka mwaulemu ngati chopereka cha m'tchalitchi. Ngakhale ine wamantha ndinagwa pansi ndi phwete.

Mainjini sindinawaone bwino. Maso anali pa ndege ija. Ndi yaing'ono kuposa ya pachithunzi. Matayala ophwa, mzere wabuluu wosuluka, udzu mpaka pansi pa mapiko. Atate anafika pakhomo pake n'kugwira chitsulo ndi dzanja lonse, monga ukamagwira mphumi ya mwana wodwala.

M'kati fumbi ndi kutentha. Azimayi nyimbo, nthungululu, kuwakankhira kutsogolo. Ba Nsama anali atafika kale pakhomo pa kachipinda ka oyendetsa, kope lotsegula, cholembera m'manja. "Ba Kaputeni, tiyambe na iyi batani yofiira." 

Atate anatembenuka, kufulatira mabatani onsewo. Anayenda kubwerera m'mbuyo, anthu akupatuka, mpaka mzere wachisanu ndi chiwiri. Anapempha chilolezo kwa mdala woonetsa uja. Kenako anakoka khushoni ya mpando wa pawindo n'kuitembenuza.

Timizere titatu. Tosuluka, koma tofiira ndithu.

"Kutsogoloko ine sindidziwako kanthu. Ntchito yanga inali iyi." Mawu osanjenjemera n'komwe. Anati matelala analipo anayi, aliyense ndi chizindikiro chake, kuti mpando ukang'ambika kapitawo adziwe womukalipira.

Nyimbo inaleka. Ndinaona milomo ya Ba Nsama ikuyamba kutambasuka, ndinatsinzina.

Amene anakuwa ndi Exildah, wigi ili chammbali. "Iyi ili pansi pa sofa yanga! Lesa wanga! Nakhala pa mupando wa ndeke zaka teni osaziba!"

Basi, chipwirikiti. Mzimayi aliyense kulimbana ndi khushoni yake. "Na pano!" "Na pano ilipo!" "Yanga ku nyumba ili chimozimozi!" Fumbi kobo, anthu kuyetsemula, kuseka. Mdala woonetsa anayesa kuletsa, kenako anatopa, naye n'kutenga khushoni imodzi. Anakoka msoko ndi manja awiri, kukoka ndithu mpaka mitsempha kutuluka. Osatheka. Anati iye anali wa mainjini, ndipo mainjini ake onse anafa kalekale, koma onani izi. Anawagwira atate chanza nthawi yaitali.

Pa mipando makumi anayi ndi inayi, itatu yokha ndiyo inali ya telala wina. Exildah anawerenga yekha, kawiri, n'kulengeza ngati zotsatira za chisankho. Nyimbo inayambiranso, mawu asinthidwa pomwepo, pa "vuuu" akusoka m'malere ndi singano yongoyerekeza.

Anthu atayamba kutuluka kukadya, atate anabwezera khushoni ija, kuisalaza, n'kuima. Ndinati khalani. Anazengereza. Ati kale ankawaletsa kukhalapo akamaliza, kuopa kudetsa. Ndinawakankha paphewa mpaka anakhala. Ine pambali pawo. Ndinawamanga lamba, ndinamanga langa, m'ndege ya matayala ophwa. Anayang'ana pawindo, phiko ndi udzu basi. "Ndiye anthu ankaona chonchi." Ndinalira mpaka chitenje kunyowa, koma ndikuseka.

Chimodzi chokha chikundidya. Ba Nsama sanaseke. Anatseka kope, anakhala pa mpando umodzi, kudzigwedeza kawiri katatu ngati woyesa matiresi. Njira yonse yobwerera duu. Mdala ameneyu akakhala chete ndiye kuti akuphika nkhani.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Ndadzuka mawu atatha. Exildah watumiza zithunzi makumi asanu, theka ndi za wigi.

Ndinafunsa atate ngati tichotse chithunzi cha pabalaza. Ati chisiye, anapachika ndi amako. Avala kale za kutchalitchi koma akungozungulira m'nyumba, kusuzumira pawindo. Sakunena, koma ndikudziwa. Njira ya kutchalitchi imadutsa pakhomo pa Ba Nsama.

Ndawauza tidzere kuseri kwa msika. Akana.

Dikira, kukubwera chinthu chikulira kwii kwii.

Wilibala! Ba Nsama akukankha okha, thukuta kamukamu, pamwamba sofa yawo ya ku Kalingalinga ija, masipuling'i panja, khushoni imodzi atasenza pamutu. Lamulungu lenilenili, anthu akupita kukapemphera! Aima pageti, akupuma.

"Odi kuno! Ba Joseph balimo?"

Joseph. Chimwalirire amayi sindinamve munthu akuwaitana atate dzina limeneli. Atate ayankha "Eee!" mokweza ngati mwana wa sukulu, atuluka chothamanga, jekete avulira pakhomo. Ba Nsama akulankhula mokalipa monga mwa masiku onse, ati asaiwale kuika tofiira tuja pansi, tonse titatu, adzawerenga.

Tchalitchi tachedwa basi. Akundiitana, ati ulusi wofiira ndaika pati. Uli pa... Ndikubwera, atate!